Mphatso Zaluso za Khirisimasi: Kusankha, Kuyesa ndi Kulongedza Kuti Zikafike Zamphumphu

Mphatso yochokera m'manja mwa mmisiri, kaya ndi chosema, chojambula, kapu yadothi kapena nsalu, imakhala pakhomo zaka zambiri, shuga ndi sopo wa chaka chimenecho zitaiwalika kalekale. Koma mphatso zotere zimavuta pawiri. Maso okha amanamiza: mtengo wopaka polishi wa nsapato umaoneka ngati phingo, ndipo chosema cha mtengo wauwisi chimakongola tsiku logula nkudzang'aluka mu Januwale. Komanso chikondwererochi chimagwa m'dzinja, ndipo kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo mvula ya Disembala sinyengerera pepala, dengu ngakhale katoni. Ntchito yaikulu ili pa kuyesa chinthu musanalipire ndi kuchiteteza ku chinyezi mpaka chikafike kwa mwini wake.

1. Yambani ndi munthu, sitolo ibwere pambuyo

Lembani mayina a onse amene mukufuna kuwagulira, ndipo pa dzina lililonse muyankhe mafunso atatu. Mphatsoyi akaiika pati? Ikayenda bwanji? Nanga chikhulupiriro chawo chikuilola?

Agogo a ku Chonde amene nyumba yawo imadontha pangodya musawagulire chojambula cha papepala. Nsalu yabwino kapena kapu yolimba iwathandiza. Achimwene a ku Joni, amene katundu wawo akwera basi masiku awiri, musawagulire mtsuko. Apongozi amene ndi akulu ampingo akhoza kulandira ndi manja awiri chosema cha kubadwa kwa Yesu, koma chigoba cha gule nkukachibisa kuseri kwa kabati. Mlamu wanu wachisilamu mwina sangakonde chosema cha nkhope ya munthu, pomwe mbale yosema kapena mkeka woluka bwino angaukondwerere.

Ndalama zanu zigaweni magawo asanu. Anayi ndi ogulira, limodzi ndi la makatoni, tepi, pulasitiki ndi mayendedwe. Anthu ambiri amathera ndalama zonse pa chinthucho nkuchikulunga m'jumbo yopyapyala, ndipo pamenepo ndi pamene mphatso zimafera.

Ngati mukufuna chinthu chochita kuitanitsa, monga chosema cholembedwa dzina kapena chithunzi cha mudzi wina wake, lankhulani ndi mmisiri pofika pakati pa Novembala. Mmisiri wofulumizitsidwa sabata ya Khirisimasi amatenga mtengo womwe uli pafupi, wouma kapena wosauma.

2. Phunzitsani maso musanatulutse chikwama

Kwa ife akuno, malo apafupi ophunzirirako ali ku Blantyre, kaya mudzera msewu wa Thyolo ndi Bvumbwe kapena wa Midima. Yambirani ku Museum of Malawi ku Chichiri. Musathamangire kugula. Yang'anani zinthu zakale zomwe zasungidwa kumeneko, zoumba, zoluka ndi zoimbira, muone m'mene amisiri akale ankamalizira mlomo wa mbiya ndi mkombero wa dengu. Diso lomwe laona ntchito yabwino silichedwa kuzindikira yongothamangira.

Kuchoka apo pitani ku Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882, komwe kuli La Caverna, malo ogulitsa zojambula, zosema ndi mabuku. Amene ali ndi ulendo wopita kuchigawo chapakati apatukire ku Mua m'boma la Dedza. Kumeneko kuli Kungoni Centre of Culture and Art, yomwe Bambo Claude Boucher anaiyambitsa mu 1976, ndi Chamare Museum yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, yomwe ili ndi zigoba za gule wamkulu zoposa 400. Amisiri osema a ku Mua amagulitsa ntchito zawo pomwepo, ndipo amadziwika kwambiri ndi zosema za m'tchalitchi zokhala ndi nkhope ndi zovala za kwathu kuno. Makapu ndi mbale zowotcha mu uvuni zili ku Dedza Pottery. Pafupi ndi kwathu, ku Likhubula komwe anthu amayambira kukwera phiri, kuli osema ndi ogulitsa ambiri.

Sitolo ya pamalo osungirako zakale kapena yogulitsa zaluso ili ndi ubwino wake: dzina la mmisiri limadziwika, lisiti amapereka, ndipo wina anasankha kale zabwino pakati pa zambiri. Mumalipira mokwererapo chifukwa cha zimenezo. Pamsewu mumapeza zotsika mtengo ndipo nthawi zina mumacheza ndi mmisiri weniweniyo, koma kuyesa konse kumakhala kwanu. Choncho nyamulani kansalu koyera, botolo la madzi, jumbo yoonekera mkati ndi foni yokhala ndi tochi.

3. Zosema: apa ndi pofunika kudekha

Kuona maso a nkhono nkudekha. Chosema chilichonse chipatseni mphindi zisanu m'manja, ndipo mutsate ndondomeko iyi.

Funsani mtundu wa mtengo umene anasemera. Funso lake ndi losavuta: "Bambo, mwasemera mtengo wanji, ndipo unadulidwa liti?" Mlombwa ndi wofiirira, wokhala ndi mizere yokongola, suchedwa kukhazikika ukauma ndipo tizilombo sitiukonda. Mbawa ndi wofiira pang'ono ndipo umasalala bwino. Jakaranda ndi woyera, wopepuka ndi wofewa. Ndi wabwino pa zinthu zopaka penti, koma suyenera kugulidwa pa ndalama za mtengo wolimba. Phingo weniweni ndi wolemera moti kachidutswa kake kamamira m'madzi, mkati mwake ndi mwakuda mopita kofiirira, ndipo kawirikawiri m'mbali mumatsala kachigawo koyera mwachikasu.

Nyowetsani kansalu koyera kaja mupukute pansi pa chosemacho. Kansalu kakada kwambiri ndipo pansi pakuoneka mtengo wotuwa, dziwani kuti ndi polishi kapena utoto. Kupaka polishi si mlandu, amisiri ambiri amamalizira ntchito choncho. Cholakwika ndi kukugulitsani mtengo wamba pa dzina la phingo.

Tembenuzani muone pansi. Ming'alu imayambira pomwe pakuoneka mizere yozungulira ya mtengo. Ngati kachitima kapakati pa mtengo kali m'chosemacho, ming'alu imatuluka kuchokera pamenepo kupita m'mbali, chifukwa kunja kumauma ndi kufota msanga kusiyana ndi mkati. Yendetsani chikhadabo m'mizere yokayikitsa. Pomwe anamata ndi utuchi wosakaniza guluu, kapena ndi phula, pamamveka pofewa kapena pamasiyana kuwala.

Yesani kuuma kwake. Mtengo wauwisi umazizira mukaugunditsa patsaya ndipo umalemera kuposa msinkhu wake. Mukakayika, pemphani kuti muchiike m'jumbo yoonekera mkati, mumange, muike padzuwa kwa theka la ola. Mkati mwa jumbo mukachita thukuta lambiri, mtengowo sunaume. Usiyeni, ngakhale ukongole bwanji. Ukakafika m'nyumba youma ung'aluka ndithu.

Funani tizilombo. Gogodani chosemacho pamwamba pa nsalu yakuda kapena pachikhatho. Kukagwa kaufa kosalala kuchokera m'timabowo tating'ono ngati ta singano, muli tizilombo tamoyo, ndipo tikhoza kukalowa m'mipando ya wolandira.

Pomaliza chiimikeni patebulo. Chisagwedere. Onani mbali zoonda monga miyendo ya nyamalikiti, chitamba cha njovu kapena khasu la m'manja mwa mayi wosemedwa. Mizere ya mtengo ikadutsa mopingasa pamalo oonda, pamenepo pathyoka ndi kugunda kamodzi. Cha ulendo wautali chikhale chosema chogwirana, chopanda zotulukira kunja.

Tsono nkhani ya mkungudza. Mabokosi onunkhira a mkungudza wa m'phiri la Mulanje akhala mphatso yotchuka kwa zaka zambiri, ndipo fungo lake limakopadi. Koma mtengowu, womwe unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, kwawo kwachilengedwe ndi phiri lino lokha basi, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu yamoyo 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri akhala akudzala mbande, koma mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ukule. Bokosi lililonse logulidwa limauza wodula kuti msika ulipo. Musagule, ngakhale akuuzeni kuti ndi wa mtengo wogwa wokha, chifukwa pamsika palibe njira yotsimikizira zimenezo. Muuzeni mmisiri yemweyo akupangireni bokosi la mtengo wina. Luso lake ndi lomwelo, ndipo iye akaona kuti makasitomala akufuna zina, asintha.

4. Zojambula

Munthu wa kuno amene ali kutali amasangalala ndi chithunzi cha kwawo: thanthwe la Chambe, mitambo itaphimba Sapitwa pa mamita 3,002, amayi akuthyola tiyi madengu ali kumsana, kapena ovina tchopa, gule wa Alhomwe yemwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamulemba m'kaundula wake mu 2014. Phiri lenilenilo linalowa m'ndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 2025, ndipo mfundo imeneyi ndi yoyenera kuilemba pakakhadi koperekeza chithunzicho.

Walitsani tochi ya foni kuchokera chammbali. Chojambula ndi manja chimaonetsa mizere ya bulashi ndi penti wokwera ndi kutsika. Chosindikiza pamakina chimakhala chosalala paliponse, ndipo mukayang'anitsitsa pafupi mumaona timadontho. Chosindikiza si choipa, chimathandiza pamene ndalama zachepa, bola mtengo wake ukhale wa chosindikiza. Mukaona nambala ngati 7/50 pansi pake pamodzi ndi siginecha ya pensulo, ndiye kuti anasindikiza 50 zokha ndipo chanucho ndi chachisanu ndi chiwiri.

Funsani penti amene anagwiritsa ntchito. Wa acrylic amauma tsiku lomwelo, koma kukatentha amamata pa pulasitiki ndi papepala. Wa mafuta amatenga masiku kapena masabata kuti asiye kumata zala, ndi miyezi kuti aumiretu. Chojambula cha penti wa mafuta chomwe chikununkhabe kwambiri musachipinde.

Kanivasi (nsalu yojambulapo) yopita kutali igulidwe yosakhomera pafelemu, ndipo ikhale ndi malire opanda penti a masentimita 5 mbali zonse kuti wokakhoma akapeze pogwira. Poikulunga, yalani nsalu yoyera ya thonje kapena pepala lophikira makeke pamwamba pa penti, kenako muikulunge mozungulira paipi ya PVC ya mamilimita 75, penti ayang'ane kunja. Ambiri amapindira penti mkati poganiza kuti akumuteteza, koma penti wopindidwira mkati amakwinyika, ndipo potambasula amasweka. Lowetsani zonsezo mu paipi ya mamilimita 110, mutseke mbali zonse ziwiri ndi zotsekera zake, mumate tepi. Madzi salowa ndipo thumba la chimanga likagwera pamwamba siliphwanya kanthu.

Zojambula za papepala ziyende zogona pakati pa matabwa awiri opyapyala kapena makatoni olimba, zili m'jumbo yomata. Poika mufelemu, uzani kalipentala aike kakatoni kozungulira m'mphepete kuti galasi lisakhudze pepala. Galasi likagona papepala, chinyezi cha kuno chimaunjikana pakati, pepala limamata ndipo limachita mawanga ankhungu. Kumbuyo kwa felemu, m'ngodya ziwiri zam'munsi, matanipo tizidutswa ta labala kuti mpweya uzidutsa pakati pa chithunzi ndi khoma.

5. Zadothi, ndi tiyi wake

Gwirani kapu kapena mbale m'munsi ndi zala ziwiri, muigogode pang'ono ndi chikhadabo. Yabwino imalira momveka, kulira kwake nkupitirira. Yokhala ndi mng'alu wobisika imangoti phu. Onani polumikizira chogwirira, pamwamba ndi pansi pomwe, ngati pali kamzere kopyapyala ngati tsitsi. Yendetsani chala pamlomo, pasakhale pokala. Mkati monse mukhale monyezimira mopanda timabowo, chifukwa m'timabowo ndi momwe tiyi amalowa nkusiya fungo. Mukafika nayo kunyumba, dzazani madzi muiike panyuzipepala youma usiku wonse. Pakapezeka chizindikiro chonyowa m'mawa, imeneyo ndi yoikamo zolembera, osati yomwera.

Mtsuko kapena mbiya yowotcha pamoto wa nkhuni ndi nkhani ina. Imeneyo imachita thukuta mwachibadwa, ndipo thukutalo ndi lomwe limaziziritsa madzi. Ndi mphatso yabwino kwa wachibale wa m'tauni amene ali pafupi, bola muperekeze ndi mbale yoikapo pansi kuti isaononge tebulo. Ya ulendo wa basi wodutsa malire ayi.

Kapu yokha imaoneka yochepa. Ikani pamodzi ndi paketi ya tiyi wa kuno, monga wa ku Satemwa ku Thyolo, esiteti yomwe inayamba mu 1923, ndi kapaketi ka makademiya. Tiyi amakoka fungo la chilichonse chomwe wagona nacho, choncho amatidwe m'jumbo yakeyake, kutali ndi sopo, polishi ndi zosema zopaka kumene.

6. Nsalu ndi zoluka

Chitenje cha thonje chimamveka chofewa mukachifikisa ndipo maluwa ake amaoneka bwino mbali zonse ziwiri. Kuti mudziwe ngati chimasuluka, pukutani pangodya ndi kansalu koyera konyowa. Kunyumba sololani ulusi umodzi muutenthe: thonje limanunkha ngati pepala nkusiya phulusa lofewa, pomwe ulusi wa pulasitiki umasungunuka nkupanga kampira kolimba.

Chitenje chimodzi cha mamita awiri chimatulutsa zovekera mapilo zinayi za masentimita 45 mbali zonse, telala akadula zidutswa 8 za masentimita 48 nkuika zipi. Chichapeni kaye pachokha m'madzi ozizira ndi kuchiyanika pamthunzi musanapite nacho kwa telala, chifukwa thonje limafota pakuchapa koyamba ndipo zipi imapindika.

Dengu, lichero kapena mkeka muziyang'ane padzuwa: mipata ifanane, nsonga za nsungwi kapena mlaza zibisike, mkombero usagwedere. Nunkhizani. Fungo la chinyontho ndi mawanga akuda ndi nkhungu, ndipo siichoka.

7. Za ana ndi za banja lonse

Bawo ndi mphatso yomwe banja limayamba kuigwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Liyenera kukhala ndi mizere inayi ya mabowo 8, onse pamodzi 32, ndi nkhomo 64. Werengani pomwepo, ndipo pemphani zina 6 zapadera poti ana amataya. Lowetsani zala m'bowo: likhale lakuya mokwanira kusunga nkhomo khumi osatayikira kwa mnzake, komanso losalala kuti muzitapa mosavuta. Bawo lopinda mulitsegule ndi kulitseka kangapo. Likatsekedwa pasatsale mpata, chifukwa mpata ndi chizindikiro chakuti thabwa lapindika.

Sansi nayo ndi yabwino; luso lopanga ndi kuimba sansi la Malawi ndi Zimbabwe linalembedwa ndi UNESCO mu 2020. Zambiri zogulitsa kwa alendo ndi zongokongoletsa. Imbani kachitsulo kalikonse pakokha. Kalire nthawi yotalikirapo, kasasunthe mukakakankhira m'mbali, ndipo nsonga yake ikhale yosalala kuti isacheke chala. Muuzeni wogulitsa aimbe kanyimbo. Ngati palibe nyimbo yomwe ikutuluka ngakhale m'manja mwake, ndi chokongoletsa chabe.

Kwa ana osakwana zaka zitatu pewani chilichonse chokhala ndi mikanda, nkhomo kapena mawaya osongoka. Galimoto ya mawaya ndi ya ana okulirapo, ndipo nsonga zonse zikhale zopindira mkati.

8. Zosayenera kuzigula nkomwe

Chilichonse cha mnyanga wa njovu, dzino la mvuu, chikopa cha nyama yakutchire kapena mamba a ngaka chisiyeni pomwepo. Lamulo la nyama zakutchire lomwe linakhwimitsidwa mu 2017 limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu yotere, ndipo kunena kuti inali mphatso sikupulumutsa munthu. Zinthu zakale zenizeni, monga zofukula pansi, zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo sizituluka m'dziko popanda chilolezo.

Zigoba za gule wamkulu zilipo zomwe amisiri amasema kuti agulitse, ndipo ku Mua angakufotokozereni dzina ndi phunziro la chilichonse. Koma wina akakunong'onezani kuti ichi chinavinidwapo kudambwe, musachilandire. Ngati akunama, akukuberani. Ngati akunena zoona, chinthucho chili ndi eni ake ndipo sichinayenere kufika pamsika.

9. Kulipira ndi kakhadi

M'sitolo momwe mitengo ndi yolembedwa simunenerera. Pamsewu nenererani mwaulemu, ndipo njira yabwino ndi kugula zingapo kwa munthu mmodzi nkupempha kuti akuchotsereni pa zonse. Musanyoze ntchito kuti mtengo utsike. Mmisiri amene mwamulemekeza amakutulutsirani zabwino zomwe anasunga kumbuyo. Pa zoitanitsa perekani theka, theka linalo potenga. Mugwirizane kukula kwake m'masentimita, mtundu wa mtengo, kalembedwe ka dzina ndi tsiku lotenga, zonse zilembedwe pa uthenga wa pafoni. Kulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kumasiya umboni.

Musachoke musanalembe dzina la mmisiri, mudzi wake, mtundu wa mtengo kapena penti, ndi chaka. Pakakhadi koperekeza mphatso lembanipo zimenezi, muonjezere mzere umodzi wa kasamalidwe, monga "Musachiike padzuwa, muzipukuta ndi nsalu youma." Wojambula muuzeni asaine ngati sanasaine. Kakhadi kameneka ndi komwe masitolo a m'nyumba zosungiramo zakale amatiposa nako, ndipo sikalira ndalama.

10. Masiku a pakati pa kugula ndi kupereka

Sungani mphatso pamwamba, pa shelefu yamkati, osati pasimenti kapena pafupi ndi khoma lomwe mvula imawomba. Zosema ndi madengu musazitsekere m'pulasitiki kwa masabata, zimachita nkhungu. Zikulungeni m'nsalu yakale ya thonje, pulasitiki idikire tsiku la ulendo.

Mukatulukira kaufa ka tizilombo mutagula kale, ikani chosema kapena dengulo m'majumbo awiri, mufinye mpweya, mumange zolimba, muike mufiriji youmitsa zinthu gwa kwa masabata awiri. Magetsi akazima nthawi yaitali mpaka zinthu kusungunuka, yambiraninso kuwerenga. Potulutsa musamasule jumbo kwa tsiku lathunthu, kuti thukuta ligwere pa pulasitiki osati pamtengo. Njira imeneyi si ya ng'oma, zopaka penti kapena zomatidwa ndi guluu.

Chosema chomwe chatuwa chipakeni phula la njuchi. Sakanizani supuni imodzi ya phula ndi masupuni anayi a liquid paraffin wogula ku famase, osati palafini wa nyale. Sungunulani m'kachitini koikidwa m'poto wa madzi otentha, osati pamoto mwachindunji chifukwa phula limayaka. Likazizira pakani pang'ono ndi kansalu, mudikire usiku umodzi, mupukute mpaka chiwale. Mafuta ophikira musapake: pakapita miyezi amanunkha, amamata ndipo amakoka fumbi.

11. Kulongedza ndi ulendo

Chilichonse chikulungidwe pachokha. Choyamba ndi pepala loyera kapena nsalu, chifukwa inki ya nyuzipepala imadetsa mtengo woyera, dothi losanyezimira ndi nsalu. Pamwamba pake ndiye pabwere nyuzipepala zofinyafinya kapena pulasitiki wa timatuza tampweya. Mkati mwa kapu dzazanimo mapepala, ndipo chogwirira muchikulunge padera mpaka chifanane ndi thupi la kapuyo. Mbale ziimirire chammbali, kakatoni kali pakati pa iliyonse, osati kusanjikizana chogona.

M'katoni musiye masentimita 5 a zofewa mbali zonse: pansi, pamwamba ndi m'mbali. Zolemera zikhale pansi. Tsekani mugwedeze pafupi ndi khutu. Mukamva kanthu kakusuntha, tsegulani muonjezere mapepala. Zadothi zopita kutali zilowe m'makatoni awiri, yaing'ono mkati mwa yaikulu, ndi masentimita ena 5 a zofewa pakati pake. Kunja kwenikweni kutirani pulasitiki yolimba, mumate tepi m'misoko yonse, dzina ndi nambala ya wolandira zilembedwe mkati ndi kunja komwe. Felemu ya galasi imatidwe tepi mopingasa pagalasipo kuti likasweka zidutswa zisacheke chithunzi, ngakhale kuti chanzeru ndi kutumiza popanda galasi, akakaike komweko.

Pepala lokongoletsa likanyowa limasuluka nkudetsa mphatso, choncho kulungani mwaulemu mukafika. Kapenanso mangani mphatsoyo m'chitenje: ikani pakati, mumange ngodya ziwiri zoyang'anana, kenako ziwiri zinazo. Chokulungiracho chimakhalanso mphatso.

Mu minibasi ya ku Limbe katoni ya zosweka ikhale pamiyendo panu. Kondakitala akati aike kumbuyo, kanani mwaulemu, kapena lipirani mpando wake. Pa njinga yamoto ya kabaza ikhale m'chikwama chakumsana, osati yomangidwa ndi malabala pakaliyala, poti kugwedezeka kwa msewu wafumbi kumatsegula ming'alu yomwe inali isanaoneke.

Mabasi a ku Johannesburg amadutsa ku Mwanza, ku Tete, mu Zimbabwe mpaka ku Beitbridge, ndipo katundu amatha kutsitsidwa ndi kutsegulidwa m'malire. Longedzani moti wina angathe kutsegula ndi kutsekanso, mumupatse wonyamulayo tepi yapadera ndi malisiti onse. Wokwera ndege ku Chileka aike zosweka zing'onozing'ono m'chikwama cha m'manja. Maiko ena, makamaka Australia ndi New Zealand, amakhwimitsa kwambiri pa mitengo, njere, zikopa ndi zoluka, ndipo zonse ziyenera kunenedwa pofika. Nkhomo za bawo ndi njere, choncho zichotseni muikemo mabulo kapena timiyala tosalala 64. Ng'oma ya chikopa chosafufuta ikhoza kulandidwa. Phingo ali pansi pa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zotetezedwa pakati pa maiko, kuyambira mu 2017, motero wonyamula zambiri kapena zikuluzikulu afunse ku ofesi ya zankhalango za zikalata zofunika asanagule tikiti.

Chosema chochokera ku chinyezi cha Mulanje chikafika kumalo ouma, monga ku Johannesburg nyengo yozizira kapena m'nyumba yotenthetsa ku London, chimataya madzi mofulumira nkung'aluka ngakhale chinali chouma bwino kuno. Lembani pakakhadi kuti wolandira achisiye m'jumbo yotsegula pang'ono kwa masabata awiri, m'chipinda chozizirirapo, kenako achiike kutali ndi hita ndi zenera lolowa dzuwa, ndipo azichipaka phula kawiri pachaka.